Pulani yathu yabwezedwa chifukwa cha mawindo, thandizeni abale a ku Durban

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. A admin mundikhululukire, nkhani yanga ndi yaitali pang'ono. Ine ndi bambo a kunyumba tinapeza kapuloti ku Verulam, tikufuna kumanga kanyumba ka zipinda zitatu, masikweya mita 80 mkati mwake. Pulani tinajambulitsa, koma yabwerako kukhonsolo, akuti palibe mawerengedwe a XA a mawindo. Amene anatijambulira akuti magalasi tachulutsa, onse pamodzi akukwana masikweya mita 19. Chachikulu ndi sliding door ya pabalaza, mamita 3 mulifupi, yoyang'ana kumadzulo komwe kuli minda ya nzimbe. Bambo chitseko chimenechi anachikonda kuposa nyumba yonse. Dzulo tinapita kwa ogulitsa mawindo, iwo akuti tingogula double glazing, magalasi awiri ophatikiza okhala ndi mpata pakati, nkhani ithe. Nditaona mtengo nkhongono zinazizira, pafupifupi kuwirikiza kawiri wa magalasi wamba. Kodi ndi zoona kuti palibe njira ina? XA yo ndi chilombo chanji?

Bambo a Tadala: Kkkk mayi, mwafika pomanga ku Joni kuno? Ambuye akudalitseni, ife tikadali pa lendi. Koma double glazing ndi yabwino, abwana anga ku Randburg, ku Johannesburg, anaika nyumba yonse. June m'mawa kunja udzu uli mbee ndi chisanu, mkati munthu uli ndi tisheti basi.

Amayi a Pempho: Bambo a Tadala, Randburg ndi Durban ndi maiko awiri. Kuno chisanu chimenecho munachionapo liti?

Nachisale wa mapulani: Mayi Nabanda, khalani pansi mtima, pulani kubwerera ndi zachizolowezi. Ndimagwira ntchito muofesi yojambula mapulani ku Pinetown, ndiye XA ndi nsima yathu ya tsiku ndi tsiku. Dzina lake lonse ndi SANS 10400-XA, gawo la malamulo a zomangamanga a dziko lino loona kuti nyumba isamadye magetsi ambiri poziziritsa kapena potenthetsa. Linayamba kugwira ntchito mu 2011, kenako analikonzanso mu 2021. La 2011 linkati ngati magalasi onse a nyumba sakuposa 15% ya pansi pa nyumbayo, mwadutsa popanda funso. Kwa inu 15% ya 80 ndi masikweya mita 12. La 2021 linasintha malire ndi matebulo, koma inu ndi 19 yanuyo muli pafupifupi pa 24%, ndiye kaya lakale kaya latsopano, mawerengedwe simungawathawe. Kuposa malire si mlandu. Zimangotanthauza kuti muonetse papepala kuti magalasi amene mwasankha, mbali imene ayang'ana ndi mthunzi umene ali nawo, zikukwanira. Lamulo silinena paliponse kuti gulani double glazing. Amene wanena zimenezo ndi wogulitsa, ndipo wogulitsa ali ndi ana ofuna fizi.

Nabanda: Zikomo kwambiri achemwali. Ndiye papepala la ogulitsa pali manambala awiri, U ndi SHGC. Ndinachita manyazi kufunsa.

Nachisale wa mapulani: Manambala awiriwo ndiye mwini nkhani. U ikuuzani mmene kutentha kumadutsira pawindo pamene mpweya wa kunja ndi wa mkati wasiyana. Ikakhala yochepa, windo likugwira bwino kutentha. SHGC ikuuzani gawo la kutentha kwa dzuwa limene limalowa dzuwalo likamenya galasi. 0.8 ndiye kuti pa magawo 10, magawo 8 alowa m'nyumba.

Tsono ganizani za Durban. Mu Febuluwale kunja kuli madigiri 30, mkati mukufuna 25. Kusiyana ndi 5 basi, U ilibe ntchito yaikulu pamenepo. Ku Johannesburg usiku wa June kunja kumafika pa 2 kapena kutsika, mkati mukufuna 20, apo ndiye U imalamula, n'chifukwa chake abwana a Bambo a Tadala sanataye ndalama. Ife mdani wathu ndi dzuwa. Manambala a m'tebulo la SANS 204, buku lina la miyezo yosungira magetsi m'nyumba, windo likakhala losayezedwa, ali motere pa felemu ya aluminiyamu: galasi limodzi loyera U 7.9, SHGC 0.81. Double glazing yoyera U 4.23, SHGC 0.72. Galasi limodzi la low-E, lopakidwa kamankhwala kobweza kutentha, U 5.73, SHGC 0.66. Taonani bwino. Mwalipira kawiri, U yatsika kwambiri, koma dzuwa lachoka pa 0.81 kufika pa 0.72 chabe. Galasi limodzi la low-E latchinga dzuwa kuposa awiri oyerawo.

Bambo a Tadala: Aaa, ndiye ndabweza mawu anga. Ine sukulu ndinalekezera pa fomu thuu, ma decimal ndi ine sitimwerana madzi.

Amayi a Pempho: Ine manambala sindiwadziwa koma chitseko choyang'ana kumadzulo ndimachidziwa ngati dzanja langa. Ndagwira ntchito zaka 6 m'nyumba ina ku Umhlanga, pabalaza pali galasi kuchokera pansi mpaka ku siling'i, loyang'ana kolowera dzuwa, double glazing yomweyo. Ikangokwana 2 koloko masana, dzuwa limayamba kukwawa pa matayilosi, pofika 4 koloko lafika pa sofa. Matayilosi amatentha moti galu amathawira kubafa. Sofa inali ya buluu, mbali ya kuwindo inasanduka ngati phulusa. Makatani tasintha kawiri, amachita kuyoyoka m'manja ukamachapa. Eyakoni imalira kuyambira masana mpaka usiku, ndipo nthawi ija magetsi ankazimazima pabalazapo panalibe wokhalapo, anthu onse kukhonde la kuseri. Chimene ndinaona n'chakuti kutentha kukalowa, magalasi awiri aja amakusunga bwinobwino ngati fulasiki ya tiyi. Mayi Nabanda, auzeni bambo abwere adzakhale pa sofa imeneyi tsiku limodzi mu Januwale, minda ya nzimbe adzaiwala.

Nachisale wa mapulani: Amayi a Pempho afotokoza bwino kuposa buku. Tiwerenge pang'ono. Chitseko cha mamita 3 ndi 2.1 ndi masikweya mita 6.3. Dzuwa la masana likalunjika khoma la kumadzulo limatha kupereka mawati 600 pa sikweya mita. Chulukitsani 6.3 ndi 600 ndi 0.8, mupeza pafupifupi mawati 3,000. Ketulo ya magetsi imadya cha m'ma 2,000. Ndiye kuti masana aliwonse a chilimwe mwayatsa ketulo imodzi ndi theka pakati pa balaza, osazimitsa, kenako mukagule eyakoni yoti izilimbana nayo.

Nabanda: Iii. Ndawatumizira bambo zimenezi, ayankha kuti tidzaika makatani okhuthala.

Mmisiri wa ku Isipingo: Pepani ndachedwa, ndinali pa saiti. Ine ntchito yanga ndi yoika mawindo a aluminiyamu, chaka cha 11 chino. Mayi, katani ili mkati mwa nyumba. Dzuwa likafika pa katani ndiye kuti ladutsa kale galasi, kutentha kwalowa. Ikani dzanja pakati pa katani ndi galasi 4 koloko muone. Dzuwa mumalitchingira kunja, lisanakhudze galasi. Ndipo kumadzulo n'kovuta chifukwa dzuwa limabwera chopendekera, limalowa pansi pa khonde ngati mlendo wozolowera. Kumpoto n'kosavuta, dzuwa lili pamwamba, kakhonde kakang'ono kamaligwira.

Nachisale wa mapulani: Eya. Durban ili pafupifupi madigiri 30 kum'mwera kwa equator. Pa 12 koloko mu Disembala dzuwa limakhala pa madigiri 83 kuchokera pansi, pafupifupi paliwombo. Mu Malichi ndi Seputembala limakhala pa 60, mu June limatsika kufika pa 36 kapena 37, ndipo nthawi zonsezi lili mbali ya kumpoto. Mukaika khonde la mita 1.2 pamwamba pa chitseko cha mamita 2.1 choyang'ana kumpoto, dzuwa la masana silikhudza galasi kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Malichi. Mu June mthunzi umangophimba chakumtunda, pansipo dzuwa limalowa n'kumakuothetsani mapazi, nthawi imene mukulifuna. Khondelo limawerengedwa mu XA, likhale lojambulidwa papulani ndi miyeso yake. Mtengo wa mango suwerengedwa, chifukwa mawa mutha kuudula, ngakhale kunena zoona umagwira ntchito kuposa zinthu zambiri zogula.

Bambo a Tadala: Ndiye lamulo likukana mango? Dziko lino lilibe ulemu.

Agogo a ku Salima: Ana anga, ndikuwerenga ndili pansi pa mango womwewo. Ndinakhala ku Clairwood, ku Durban konko, zaka 19, ndinabwerera kumudzi, ndinamanga kuno. Ndikuuzeni cholakwa changa. Ndinabwera ndi mtima wa ku Joni, ndinaika mawindo aakulu a sliding, akuda aja, kuti anthu odutsa aziti bambo uyu anayenda. Okutobala woyamba tinagona pakhonde banja lonse. Sliding imatseguka theka lokha, theka linalo ndi galasi lounjikana pa linzake. Nyumba ya malemu bambo anga pafupi pomwepa ili ndi ma louvre akale, mawindo oyang'anizana, khonde kuzungulira. Mphepo ya kunyanja imalowa uku n'kutulukira uko. Ndinachotsa ma sliding awiri kuchipinda, ndinaika ma louvre ndi sefa ya udzudzu. Anthu anandiseka kuti ndabwerera m'mbuyo, koma ndimagona.

Mmisiri wa ku Isipingo: Agogo mwanena zoona za sliding. Windo lotsegukira m'mbali ngati chitseko limapereka bowo lonse, ndipo limakola mphepo ngati mwalitsegulira mbali yoyenera. Kuno mphepo yabwino ya chilimwe imachokera kumpoto chakum'mawa, kunyanja. La top hung, lotsegukira pansi, ubwino wake mumalisiya lotsegula ngakhale mvula ikugwa. Ma louvre ndi abwino ngati mulibe eyakoni. Mukaika eyakoni ndiye mukuziziritsa bwalo, chifukwa satsekeka kwenikweni, ndipo kuno mawindo amafunika akhale oyezedwa kuti sadutsitsa mpweya wambiri akatsekedwa. Ma louvre wamba a pa hardware pamenepo amagwa.

Amayi a Pempho: Musaiwale apusi. Windo lotsegula ku Durban ndi chiitano. Anatitengera buledi wathunthu pa tebulo ine ndili pomwepo ndikusita. Mabagala akhale oyandikana, kamwana ka pusi kamalowa pamene mukuganiza kuti sipangalowe kanthu, kenako kamapatsira amake nthochi pawindo.

Bambo a Tadala: Amenewo ndi ochokera kwathu, anabwera opanda pasipoti kkkk.

Achimwene a ku Area 25: Ndilowerereko abale. Ine ndili ku Durban koma ndikumanga ku Lilongwe, nyumba yafika pa windo levulo. Ndiye nditengere zomwezi? Mawindo aakulu kumpoto, kum'mwera ndisade nkhawa?

Nachisale wa mapulani: Achimwene, samalani pamenepo, dzuwa la kwathu limayenda mosiyana. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kum'mwera, mkati mwa chigawo chimene dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Pakati pa miyezi imeneyi, Novembala, Disembala, Januwale, dzuwa la masana limakhala mbali ya kum'mwera. Ku Durban zimenezi sizichitika. Ndiye kwanu khoma la kum'mwera nalonso lifuna denga lotulukira kunja. Ubwino wake dzuwalo limakhala pamwamba kwambiri, denga lotuluka masentimita 60 limathandiza kale. Koma za kumadzulo ndi chimodzimodzi kulikonse, chepetsani galasi. Nyumba za atsamunda zija za khonde kuzungulira ku Zomba sanazimange choncho chifukwa chokonda kukhala panja pokha. XA ndi ya kuno, kwanu pulani imadutsa kukhonsolo ya mzinda ndi malamulo ake, musatenge mapepala a kuno kukawaonetsa kumeneko.

Achimwene a ku Area 25: Mwandipulumutsa. Mmisiri wanga amafuna denga lobisika lija, lopanda chotulukira kunja, akuti ndiye fasho.

Agogo a ku Salima: Fasho imeneyo mudzaidziwa bwino mvula ya Januwale ikadzalowa m'khoma.

Admin: Abale, nkhani ya denga lobisika tinakambirana kale mwezi watha mpaka anthu anatulukamo m'gulu. Tibwerere kwa mayi Nabanda.

Nabanda: Zikomo a admin. Tsono ndikachepetsa mawindo onse kuti ndifike pansi pa malire, sizingathe? Ndiike timawindo ting'onoting'ono basi.

Nachisale wa mapulani: Mungathe, koma pali lamulo lina limene likukokerani mbali inayo. Gawo O la SANS 10400 yomweyo limati chipinda chokhalamo anthu chikhale ndi polowera kuwala posachepera 10% ya pansi pake, ndi potseguka polowera mpweya posachepera 5%. Chipinda cha masikweya mita 12 chifuna galasi la 1.2 ndi potseguka 0.6. Ndipo ku Durban ndi chinyezi chathuchi, 5% ndi yongodutsira lamulo. Nyumba yosapita mphepo kuno nsapato zimamera nkhungu mu wadiropu. Ine ndikanakhala inu sindikanathamangira kuchepetsa paliponse. Ndikanasuntha chitseko chachikulu chipite kumpoto pansi pa khonde, kumadzulo ndisiye windo limodzi lapakatikati la galasi lotchinga dzuwa, bambo azionerapo nzimbe zawo. Kum'mwera ndi kumpoto mawindo otseguka bwino oyang'anizana. Mukatero mawerengedwe nthawi zambiri amadutsa ndi galasi limodzi, mwina low-E pa mawindo ochepa okha. Amene akuwerengerani ayese njira ziwiri kapena zitatu pa kompyuta musanalipire dipoziti kulikonse, ndi ntchito ya ola limodzi. Muonenso kuti ndi wolembetsedwa ku SACAP, bungwe lolembetsa ojambula mapulani, chifukwa ndi amene amasainira mafomu a kukhonsolo.

Mmisiri wa ku Isipingo: Ndiwonjezere za pa saiti, chifukwa mapepala ndi ena, zoikidwa ndi zina. Chaka chatha tinaitanidwa kunyumba ina, mwini wake papulani analemba low-E, pomanga anapeza munthu wotchipa amene anaika galasi wamba la mamilimita 4 paliponse, mpaka pachitseko. Nyumba yatha, akufuna satifiketi yolowera m'nyumba, akufunsidwa satifiketi ya magalasi, munthu uja foni yake siikupezekanso. Tinagulula magalasi 9, bambo aja ataima poteropo manja ali m'chiuno, osayankhula. Analipira kawiri.

Gawo N limafuna galasi lachitetezo pa zitseko zonse zagalasi, pa shawa, ndi pa windo lililonse loyambira pansi pa mamilimita 500 kuchokera pa simenti. Galasi lachitetezo limakhala ndi kachidindo pakona, kosafufutika. Likafika pa saiti gwadani muyang'ane pakona, musachite manyazi. Wamba likasweka limatuluka mipeni, ndipo mwana wothamanga saona kuti chitseko n'chotseka. Low-E nayonso muifunse kuti mbali yopakidwa ili kuti. Pa galasi limodzi imayang'ana mkati, ndiye osakwecha ndi sitiliwulu, nsalu yofewa basi.

Amayi a Pempho: Za sitiliwuluzo mukanandiuza zaka 6 zapitazo.

Nabanda: Nanga mafelemu? Achitsulo ndi otchipa kwambiri, ndipo kwathu ku Ntcheu nyumba ya amayi ili nawo kuyambira ndili mwana, alibe vuto.

Mmisiri wa ku Isipingo: Ku Ntcheu kulibe nyanja ya mchere mayi. Verulam ili chakumtunda pang'ono koma mpweya wa mchere umafika. Chitsulo chosaviikidwa mu galvanise chimayamba dzimbiri pansi pa pate, chimatupa, galasi n'kung'aluka lokha. Ndaona mawindo ku Bluff oti ukakankha ndi chala chimalowa. Aluminiyamu ndiye yofala kuno, koma funsani kuti utoto wake ndi woyenera kufupi ndi nyanja, ndipo mahinjesi ndi zomangira zikhale za stainless, chifukwa chimayamba kufa ndi hinjesi, felemu ikadali yatsopano. Muzitsuka ndi madzi wamba pakapita miyezi ingapo. Aluminiyamu imatentha, inde, yakuda ija masana simungaigwire, ndiye kumbali ya dzuwa sankhani yoyera kapena yotuwa. uPVC ndi matabwa zimagwira kutentha bwino kuposa aluminiyamu, m'tebulo lija la achemwali U yake imatsika kufika pa 5.6 ndi galasi wamba lomwelo. Koma matabwa kuno afuna vanishi chaka ndi chaka, ndipo Amalawi timapaka chaka choyamba chokha.

Bambo a Tadala: Nanga bwanji osangomata tinti ngati ya pagalimoto? Mnyamata wina kuno amamata motchipa.

Mmisiri wa ku Isipingo: Pa nyumba yakale imathandizako. Pa yatsopano n'kungodzipatsa ntchito, gulani galasi loyenera kamodzi. Tinti yakuda kwambiri imamwa kutentha, galasi limatentha pakati m'mbali muli mozizira, limatha kung'aluka. Yotchipayo pakatha zaka ziwiri imachita matuza n'kusanduka yapepo. Komanso m'nyumba mumada, mumayatsa magetsi masana, ndiye mwapulumutsa chiyani?

Nachisale wa mapulani: Ndipo mayi, ndalama imene mupulumutse pa double glazing musagulire matayilosi a ku Italy. Ikani m'denga. XA yomweyo imafuna insulation, zotchinga kutentha, pamwamba pa siling'i. R ndi muyeso wa kutchinga kutenthako, si ndalama. La 2011 linkafuna R 2.7 kuno kugombe pamene Johannesburg inali 3.7. Anthu amalimbana ndi mawindo n'kuiwala kuti dzuwa tsiku lonse likuwotcha denga.

Agogo a ku Salima: Malata opanda siling'i ndi chiwaya, ife ndi mbatata.

Nabanda: Abale, ndabwera ndi lipoti. Usiku tinakhala pansi ndi bambo, ndinawawerengera zonse, ya ketulo ija ndinabwereza kawiri. Poyamba anati anthu a pa foni sangawamangire nyumba. Lero m'mawa ndawapeza ali papuloti ndi tepi, akuyeza mbali ya kumpoto. Kumeneko kulibe nzimbe, kuli khoma la aneba ndi thanki ya madzi, ndiye nkhope inali yosasangalala. Tagwirizana kuti chitseko chipite kumpoto koma chichepe, mamita 2.4, khonde la mita 1.5 kuti tizikhalapo. Kumadzulo akakamira windo la mita 1.5, akuti pamenepo sasuntha ngakhale abwere a khonsolo ndi apolisi. Wojambula akuti ayesa ndi low-E pa windo limenelo aone ngati zidutse, atiuza Lachisanu.

Mmisiri wa ku Isipingo: Windo la kumadzulolo muliikire chotchinga cha kunja, timatabwa toimirira kapena shata. Ndipo musaode mawindo pulani isanadindidwe, ndapota nanu.

Amayi a Pempho: Sofa musaike pamenepo.

Agogo a ku Salima: Mango dzalani sabata ino, musadikire Lachisanu. Mamita 5 kapena 6 kuchokera kukhoma, mizu isadzakweze maziko. Mthunzi wa kumtengowo ndi waulere, lamulo liziwerenga zake.

Nabanda: Bambo akuti mango aitana apusi. Akufuna mkungudza.

Bambo a Tadala: Mkungudza ku Verulam? Mayi, apatseni foni bambowo, alowe pagulu tikambirane.